GALU WOKANIZA CAKUDYA: WOLUMIDWA AMAKHALA MWANA WA PANYUMBA POMWEPO

Agalu ambiri amene alonda nyumba m'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ngakhalenso pa boma la Chadiza, sanabadwire m'tauni. Munthu akapita kukaona makolo kwa Mfumu Zingalume, pobwerera amanyamula thumba la nshawa, nkhuku ya m'manja, ndiponso kagalu m'katoni kakuti kakakula kazikaopsa mbala. Kagaluko kamafika kali koonda, mimba ili tuu ndi njoka, ndipo kamakhala kataphunzira kale kumudzi kuti cakudya ncolimbirana.

Pakapita miyezi eni nyumba amayamba kudandaula. Galu ali bwino-bwino tsiku lonse, asewera ndi ana, agwedeza mcira, koma mbale ikangoikidwa pansi wasanduka cilombo. Munthu akayandikira, iye aumitsa thupi, adzuma m'khosi, aonetsa mano. Ena zimenezi zimawakondweretsa, amati tapeza mlonda weni-weni. Koma mbala siibwera kudzagwira mbale ya galu. Amene amayandikira mbaleyo ndi mwana wa panyumba pomwepo, uja wangoyamba kuyenda, amene nkhope yake ili pa msinkhu umodzi ndi mano a galuyo.

M'caka ca 2007 madokotala a ziweto a pa University of Pennsylvania ku America anafufuza nkhani za ana 111 amene analumidwa ndi agalu. Anapeza kuti mwa ana amene analumidwa ndi galu wowadziwa, 42 pa 100 alionse analumidwa pa nkhani ya cakudya, ndipo panalibe cifukwa cina coposa cimeneci. Ana osakwana zaka 6 ndiwo analumidwa kwambiri pamene galu anali kukaniza cinthu cake. Agalu awiri mwa atatu alionse anali asanalumepo mwana ndi kale lonse. Ngati zili conco kumene agalu amadya zogula m'sitolo tsiku ndi tsiku, nanga kuno kwathu kumene galu amayembekezera mkute?

Kodi galu akaniziranji cakudya?

Anthu amati galu wotere ndi waumbombo kapena wamwano. Kweni-kweni ndi mantha. Galuyo aopa kuti cimene ali naco cimucoka, ndipo manthawo sanangobwera okha.

Kwa Zingalume, monga m'midzi yambiri ya Acewa, galu sakhala ndi mbale yake-yake. Banja likatha kudya, amai amakhutula makombo pansi kuseri kwa khichini, ndipo pomwepo pamathamangira agalu atatu kapena anai, nkhuku, abakha ndi nkhumba zoyenda-yenda pamudzi. Nkhumba siiopa kagalu. Kagalu kofatsa kamagona ndi njala, koma kamene kadzuma ndi kuluma ndiko kamakhuta. Kakacita zimenezi kawiri katatu nkuona kuti anzake abwerera m'mbuyo, basi kaphunzira. M'miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka ndipo anthu eni ake nawonso adya mopereweza, makombo amasowa, mkaka wa make umacepa, ndipo tiagalu tobadwa nyengo imeneyi timakula tikudziwa njala kuposa cina ciliconse.

Komabe galu wa kumudzi ali ndi kothawira. Akapeza fupa amalinyamula nkukadyera kuseri kwa nkhokwe kapena kuchire, kumene palibe womusokoneza. Akatha kukolola amatsagana ndi anyamata kokumba mbewa ndi kosaka akalulu, ndipo sabwerako wopanda kanthu m'mimba. Kukomboni zonsezi kulibe. Puloti ndi yaing'ono, mabanja atatu kapena anai agwiritsa nchito pompi imodzi ndi cimbudzi cimodzi, galu ali pa cheni pansi pa mtengo wa mango kapena watsekeredwa m'khola usana wonse. Cakudya cimabwera kamodzi, usiku, ngati pali cotsala. Galu womangidwa sangathawe ndi cakudya cake. Mwana akamuyandikira, cimene watsala naco ndi mano basi.

Pali zina ziwiri zimene zimaonjezera bvutoli. Coyamba ndi kucotsa kagalu kwa make msanga. Ambiri amathamangira kutenga kagalu kali ndi masabata anai kapena asanu, poopa kuti wina awatsogolera kusankha kokongola. Kagalu kayenera kukhala ndi make ndi abale ake kufikira masabata 8. Pa nthawi imeneyi ndi pamene kamaphunzira kuti kakaluma mnzake mopweteka, mnzakeyo alira ndipo masewera atha. Kagalu kocotsedwa msanga sikadziwa mphamvu ya mano ake. Caciwiri ndi njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kale kapena kuzitenga mu mkaka wa make, ndipo kagalu ka njoka sikakhuta ngakhale kadye motani. Madokotala a ziweto amalangiza kupatsa mankhwala a njoka kuyambira pa masabata awiri, ndi kubwereza pakapita masabata awiri alionse kufikira miyezi itatu. Mazira a njokazi amatuluka m'matubvi a galu ndipo amadwalitsa ana osewera pa dothi, cotero ndalama ya mankhwalawo mwaipindulira pawiri.

Tisabise, alipo agalu ena amene amabadwa ndi mtima umenewu, ndipo amakaniza mbale ngakhale sanagonepo ndi njala. Koma nawonso amaipira-ipira kapena kufatsa malinga ndi mmene eni ake awasungira.

Galu amacenjeza asanalume

Akulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Galu wokaniza cakudya sayamba ndi kuluma. Poyamba mudzaona kuti mukayandikira ayamba kumeza mofulumira osatafuna. Mukapitiriza, aleka kudya nkungoti zii, thupi louma, mutu uli pamwamba pa mbale. Akuyang'anani cam'mbali kotero kuti koyera kwa diso kuoneka. Ndiyeno adzuma, kulira kwa pansi-pansi kuja kocokera m'khosi, akweza milomo, mano poyera. Ena amaluma m'malere pafupi ndi dzanja. Kuluma kweni-kweni kumabwera pothera.

Munthu wamkulu amaona zizindikiro zimenezi nkubwerera. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kanthu. Ena amaganiza kuti galu woonetsa mano alikuseka.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Galu akadzuma, atate amatola ndodo nkumukwapula kuti asadzacitenso. Galu amaphunziradi, koma cimene waphunzira ndi cakuti kudzuma kumaitana ndodo. Mantha ake a kulandidwa cakudya ali pomwepo, aonjezekanso. Tsiku lina mwana akayandikira, galuyo sadzadzuma iai, adzangoluma. Galu woopsa koposa panyumba ndi amene anamenyedwa kufikira analeka kucenjeza. Galu wanu akadzuma, bwererani m'mbuyo, muitane mwana acoke, ndipo mudziwe kuti pali cofunika kukonza pa kadyetsedwe kake.

Zimene zimanenedwa m'makomboni

Pali mau akuti galu wokhuta ndi waulesi, ndipo kuti akhale wolusa ayenera kumanidwa cakudya. Ena amathira tsabola mu nsima ya kagalu, ena amasinja mabvu, ena mpaka camba. Zonsezi sizipanga mlonda. Tsabola amangotentha kamwa ndi m'mimba mwa galu, ndipo kagalu kamaphunzira kuti munthu wobwera ndi mbale sali wodalirika. Kulonda nyumba ndi kukaniza cakudya ndi zinthu ziwiri zosiyana. Galu amauwa mlendo usiku cifukwa malowo amawaona ngati ake, ndipo wokhuta amacita zimenezi bwino kwambiri popeza ali ndi mphamvu ndipo sacoka pakhomo kukafuna-funa cakudya kudzala. Galu wanjala ndiye wosabvuta kumugula. Mbala ikaponya kanyama, kaya kathiridwa poizoni, iye amameza osanunkhiza nkomwe.

Enanso amati kuti galu adziwe mwini wake, muzimulanda mbale ali pakati pa kudya, kapena kupisa dzanja m'cakudya cake, kapena kumukanula kamwa nkucotsa fupa. Taganizani, wina azikucotserani mbale ya nsima madzulo alionse kuti muzolowere. Kodi mudzayamba kumukonda? Pa University of Pennsylvania pomwepo anafunsa eni agalu m'kafukufuku wina amene anatuluka m'caka ca 2009, ndipo mwa agalu amene anakanulidwa kamwa mokakamiza, oposa mmodzi pa atatu alionse anabwezera ndi ukali. Kulanda kumatsimikizira galu kuti mantha ake anali oona.

Kadyetsedwe koyenera

Mankhwala oyamba ndi kukhuta. Nsima yokha siikwanira, galu amafuna zomanga thupi. Phala lolimba la gaga kapena la mgaiwa losakaniza ndi fumbi la kapenta lija limatsala pansi pa thumba, ufa wa soya wokazinga, msuzi wa nyemba, dzira kapena zotsala za ku buchala zophika bwino, ndi cakudya cabwino ndiponso cosadula. Ndiwo za mcere wambiri, tsabola ndi anyezi musamupatse. Anyezi amaononga magazi a galu. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga za nsomba zimathetheka nkubaya pakhosi kapena m'matumbo.

Kagalu kosakwana miyezi itatu kadye kanai patsiku, pang'ono-pang'ono. Kufikira miyezi 6 kadye katatu. Galu wamkulu adye kawiri, m'mawa ndi madzulo, pa nthawi imodzi-modzi tsiku lililonse. Cakudya comwe cija mumapereka kamodzi usiku, mukacigawa pawiri, galu sakhala ndi njala ya maola 24, ndipo akadziwa kuti mbale imabwera ndithu, mtima umakhala pansi. Madzi akumwa akhalepo nthawi zonse.

Galu aliyense akhale ndi mbale yake, ndipo mbalezo zitalikirane, bwino koposa ngati agaluwo saonana pakudya. Tiagalu tinai pa beseni imodzi ndi sukulu ya ndeu. Malo odyera asakhale pa njira yopita ku pompi, ku cimbudzi kapena pakhomo la alendi anzanu. Kuseri kwa nyumba kapena m'khola lotseka ndiye pabwino. Ikani mbale, cokanipo, mumusiye adye mwamtendere. Mbale muicotse galu atacokapo yekha, cifukwa ena amakaniza ngakhale mbale yopanda kanthu. Fupa lalikulu ndilo galu amakaniza koposa zonse ndipo amakhala nalo maola ambiri, motero ngati pali ana panyumba, mumupatse ali motsekeredwa, kapena osamupatsa nkomwe.

Pamene banja likudya pamphasa panja, galu akhale kutali. Cizolowezi comuponyera nthongo ya nsima cimamuphunzitsa kuzungulira ana, ndipo nthongo ikagwa pakati pa galu ndi mwana, onse awiri amaithamangira. Mwana woyenda-yenda pabwalo ndi citumbuwa kapena mbatata m'manja alinso pangozi yomweyi. Adye atakhala pansi pafupi ndi amake.

Galu woyamwitsa amafunika cakudya cowirikiza kawiri kapena katatu. Amakaniza mbale ndi ana ake omwe, ngakhale anali wofatsa kale. Masabata oyamba ana asaloledwe kupita kukanyamula tiagalu.

Kuphunzitsa kagalu

Cimene mufuna kuti kagalu kadziwe ndi cimodzi: munthu akabwera pa mbale, cakudya cimaonjezeka. Pa masabata oyamba kali panyumba panu, musathire cakudya conse nthawi imodzi. Ikani pang'ono m'mbale, kakatha kadzakuyang'anani, inu muonjezere pang'ono, conco kufikira cakudya catha. Masiku ena thirani conse, ndipo pamene kalikudya dutsani pafupi nkugwetsera m'mbalemo cinthu cokoma kuposa cimene cilimo, monga tikapenta tiwiri, nkupitirira osaima. Posacedwa mudzaona kuti mukayandikira, kagalu kadzutsa mutu ndi kugwedeza mcira. Pamenepo mwapambana. Akulu onse a panyumba acite cimodzi-modzi, kuti kasazolowere munthu mmodzi yekha.

Kaphunzitseninso kusinthana. Kakatola nsapato, citsononkho kapena fupa, musakathamangitse. Tengani kanyama, kaonetseni, nenani liu limodzi monga lakuti "siya", ndipo kakalabvula cinthuco kapatseni kanyamako. Ngati cinthuco si coopsa, kabwezereni. Kagalu kamene kaona kuti kusiya sikutaya, kadzakusiyirani ngakhale tsiku limene katola cinthu cakupha. Ndi bwinonso kukazoloweza kukhala pansi mbale isanaikidwe, kuti kasamalumphire wonyamula cakudya.

Nthawi yabwino ya maphunzirowa ndi miyezi itatu yoyamba ya moyo wa kagalu, pamene kamalandira zinthu zatsopano mosabvuta. Nchito imeneyi ndi ya akulu. Si ya ana iai.

Nanga galu amene wakula kale?

Njira ndi yomweyo koma imafuna kuleza mtima, ndiponso mtunda. Yambani mwaona pamene mungaime galu osaumitsa thupi. Kwa wina ndi mapazi asanu, kwa wina khumi. Imani pamenepo iye alikudya, muponyereni kanyama pafupi ndi mbale, nkucokapo. Citani zimenezi pa cakudya ciliconse kwa masiku angapo. Mukaona kuti wayamba kukuyembekezerani ndi thupi lomasuka, sendererani phazi limodzi. Akadzuma kapena kuuma, ndiye kuti mwafulumira, bwererani pamene munali dzulo. Ena amasintha pa masabata ocepa, ena pamapita miyezi. Ngakhale atasintha kwa inu, musaganize kuti wasinthanso kwa ana. Lamulo la ana likhale losasintha moyo wonse wa galuyo: galu akamadya, akamatafuna fupa kapena akagona, sayandikiridwa. Ana a alendi ndi a anansi auzidwenso.

Galu amene analumapo kale munthu mpaka kutuluka magazi, musayese kumuphunzitsa nokha. Adye ali motsekeredwa nthawi zonse, ndipo kafunseni nzeru ku ofesi ya madokotala a ziweto, imene ambiri amati kwa a Vetenale. Kunena zoona, puloti ya mabanja ambiri ndi ana okwawa si malo a galu wotere. Ndipo kumubwezera kumudzi mwakacete-cete, osanena cimene anacita, ndi kungosamutsira ngozi pa mwana wa mbale wanu.

Agalu awiri akagwirana pa cakudya, musalowetse manja pakati pao. Athireni madzi a m'ndowa, kapena ikani thabwa kapena lata pakati. Anthu ambiri alumidwa ndi agalu ao omwe poleretsa ndeu.

Ukali wa cakudya kapena ciwewe?

Funso limeneli ndi la moyo ndi imfa. Kukaniza cakudya ndi khalidwe limene eni galu amalidziwa kuyambira kale. Limaoneka pa mbale kapena pa fupa pokha, ndipo cakudya cikatha galu abwerera mwakale. Koma galu amene wakhala wofatsa zaka zonse nkusintha mwadzidzidzi ndi wodwala. Mwina dzino lathyoka, mwina ali ndi bala limene likumupweteka. Mwinanso ndi ciwewe, matenda amene ambiri amangoti galu wafuntha.

Galu wa ciwewe amaluma ciliconse: mitengo, miyala, cheni cake, nkhuku, mwini wake. Mau ake amasintha, dobvu limangotuluka, amayenda-yenda osadziwa kopita. Koma si onse amene amalusa. Ena amangofooka, cibwano cili lende, alephera kumeza, kenaka miyendo ifa. Mtundu umenewu ndi umene umanyenga anthu. Mwini ataona galu wake alephera kumeza, amati fupa lamutsamwa, napisa dzanja m'kamwa kuti alicotse. Kacirombo ka ciwewe kali m'malobvu, ndipo kamalowa pa kabala kalikonse ka pa cala. Galu wolephera kumeza musamugwire kukamwa. Mutsekereni nkuitana a Vetenale.

Dziwaninso kuti malobvu a galu angakhale ndi kacirombo masiku angapo iye asanaonetse cizindikiro ciliconse. Cotero mau akuti "wangomuluma cifukwa anamusokoneza pakudya" sayenera kukhazika munthu pansi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati ciwewe cimapha anthu pafupi-fupi 59,000 pa caka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupi-fupi onse amacitenga kwa agalu, ndipo anai pa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15.

Mwana akalumidwa, cinthu coyamba ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa maminiti 15 athunthu. Ngati pompi yauma, wina azithira madzi ndi kapu, wina azitsuka. Maminiti 15 ndi nthawi yaitali mwana akamalira, koma kutsukako kumacotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'thupi. Mukatha thirani spiriti kapena ayodini ngati alipo. Musaikepo tsabola, phulusa, dothi, mafuta a galimoto kapena ubweya wootcha wa galuyo, ndipo musamange bala molimba. Pitani ku kiliniki kapena ku cipatala tsiku lomwelo. Kumeneko adzaona ngati pafunika nyeleti za katemera wa ciwewe, wa kafumbata, ndi mankhwala oletsa bala kutukusira. Nyeleti za ciwewe zimabayidwa pa masiku osiyana-siyana, ndipo ziyenera kutha zonse ngakhale bala litapola. Bala la kumaso, pakhosi kapena m'manja, kumene ana amalumidwa kawiri-kawiri pa nkhani ya cakudya, ndilo lofunika kufulumira koposa, cifukwa kacirombo kamayenda m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo kucokera kumaso ulendo wake ndi waufupi.

Matendawa amabisala. Kawiri-kawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale, nthawi zina sabata limodzi cabe, nthawi zina caka. Bala limakhala litapola ndipo onse aiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, palibe cipatala cimene cingamuciritse. Katemera amagwira nchito pokha-pokha munthu asanayambe kudwala.

Galu woluma asaphedwe mwaukali. Atsekeredwe pa malo olimba kwa masiku 10, azipatsidwa cakudya ndi madzi mosamala, ndipo a Vetenale adziwitsidwe. Galu amene anali ndi ciwewe m'malobvu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa masiku amenewa asanathe. Akafa, akadwala kapena akasowa, kauzeni a cipatala msanga. Koma musakhale panyumba kuyembekezera masiku 10 kuti muone. Wolumidwa apite ku cipatala tsiku loyamba, galu aziyang'aniridwa pambuyo.

Ana ambiri amabisa akalumidwa pang'ono kapena kukandidwa, makamaka ngati anauzidwa kale kuti asayandikire galu, poopa kukwapulidwa. Auzeni momveka kuti wonena msanga sadzamenyedwa.

Katemera wa galu

M'dziko lathu muli lamulo la agalu lochedwa Control of Dogs Act, Cap 247, limene pansi pake mwini galu afunika kulembetsa galu wake ndi kumubayitsa katemera wa ciwewe. Akatswiri amati ngati agalu 70 pa 100 alionse m'dera abayidwa, matendawa amaleka kufalikira. Caka ciliconse tsiku la 28 September limakumbukiridwa pa dziko lonse ngati tsiku lolimbana ndi ciwewe. Ndilo tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France mu 1895. Iye ndiye anayamba kupulumutsa munthu ndi katemerayu mu 1885, pamene anabaya mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu wofuntha.

Boma la Chadiza lacita malire ndi Mozambique, ndipo agalu ndi nkhandwe sizidziwa malire. Kagalu kocokera kwa Zingalume kangaoneke kabwino-bwino m'katoni koma katalumidwa kale ndi galu wacilendo amene anadutsa pamudzi, ndipo tiagalu natonso timapatsira ciwewe. Musanakanyamule funsani ngati make anabayidwa, ndiponso ngati pamudzipo panafa galu mosadziwika bwino posacedwa. Kakafika, pitani nako kwa a Vetenale. Katemera woyamba kawiri-kawiri amabayidwa pa miyezi itatu, ndipo iwo adzakuuzani tsiku lobwereza. Mankhwala a njoka mukafunsire komweko. Cikalata ca katemera cimene adzakupatsani cisungeni pamodzi ndi makadi a ku sikelo a ana, cifukwa galu akadzaluma munthu, a cipatala ndi anansi omwe adzayamba kufunsa cimeneco.